Mtchona wa m'Katoni

"Nanga kwawo n'kuti?"

Palibe anayankha. Vuto linali lakuti a Goliati pofunsa sanayang'ane munthu. Anayang'ana kudenga, kumene fani yakufa inalendewera ngati kangaude. Choncho sizinadziwike ngati akufunsa za Harold, amene anakhala kunsonga kwa sofa manja ali pakati pa mawondo, kapena za chigaza chimene chinali patebulo, maenje a maso ake atalunjika pa kabati ya mbale.

Triza anali atakonzekera tsikuli kwa nthawi yaitali. A Goliati anali malume ake, amene anamulera m'nyumba yawo ya ku Area 3 kuyambira ali folomu wani mpaka kutenga digiri. Popanda mawu awo, ankhoswe a Harold sakanaponda pakhomopo. Ndiye Triza anamuphunzitsa mnyamatayo zonse: malaya a manja aatali, moni wa manja awiri, nkhani za mpira zitsale ku geti. Chimene sanachiganizire chinali katoni.

Triza anali pa ganyu ku kabungwe kena ku City Centre, koyenda m'masukulu kuonetsa ana mbiri ya anthu oyambirira. Sabata imeneyo mu ofesi ankapopera mankhwala a chiswe, ndipo abwana anati aliyense atenge kunyumba zimene adzazifune Lolemba. Triza anatenga chigaza n'kuchiika m'katoni yomwe kale munali mafuta ophikira. Atakumana pa depoti ku Old Town, Harold, pokhala munthu waulemu, anamulandira katunduyo. Anti Esnati, akazi a malume, ataona mnyamata wovala bwino akulowa pa geti atanyamula katoni ya mafuta, anati, "Koma mwana uyu analeredwa." Anailandira ndi manja awiri atanyonyomala pang'ono, n'kuitsegula pamaso pa onse. Pokuwapo, agalu a kwa aneba anawathandiza.

Tsopano anali ataima pakhomo la kukhitchini, phazi limodzi lili kunja.

"Si chenicheni, anti," anatero Triza. "Ndi cha pulasitiki."

"Cha pulasitiki, inde. Koma nkhopeyo ndi ya ndani?"

A Goliati anatsitsa maso. Anagwira ntchito ya ukalaliki m'boma mpaka kupuma, ndipo ankakhulupirira kuti munthu aliyense ndi mayankho atatu: mudzi, mfumu yaikulu, boma.

"Tiyambe ndi achikulirewa," anatero, akuloza chigaza ndi mlomo. "Kwawo?"

"Chenichenicho anachifukula ku Kenya, malume, m'mbali mwa nyanja ina ya kuchipululu. Koma chibwano cha mtundu womwewu chinapezeka ku Karonga."

"Mutu ku Kenya, chibwano ku Karonga. Inali ngozi ya galimoto?"

Harold anaseka ndi mphuno, kenaka n'kusandutsa chisekocho chifuwa.

"Si munthu mmodzi, malume. Ndi achibale. Ndipo nthawi imeneyo kunalibe Kenya, kunalibe Karonga. Papita zaka pafupifupi mamiliyoni awiri. Dziko linkasintha. Mvula inkachepa, nkhalango n'kusanduka udzu wokhawokha, nyanja n'kuphwa, kenaka n'kudzadzanso. Akatswiri amaganiza kuti anthuwa ankangotsata madzi ndi chakudya. Kukauma kuno, ankasendera uko. Mwana ankafera patsogolo pang'ono pa pomwe anabadwira, mdzukulu patsogolo penanso."

"Osabwererako?"

"Kubwerera kuti, malume?"

A Goliati anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva mlandu wonse.

"Ndiye mtchona," anatero. "Mukanangonena. Timawadziwa amenewa. Amapita kukafuna zabwino, n'kuiwala njira ya kwawo." Kenaka anatembenuka ndi mpando womwe. "Nanga inu, bambo?"

"Ndinabadwira konkuno, ku chipatala cha Bottom," anatero Harold.

"Sindinafunse kumene munagwera. Ndati kwanu."

Triza anayang'ana pansi. Funso ili ndi limene ankaliopa, ndipo Harold anali ndi matenda amodzi: sankatha kunama. Anayamba ndi agogo ake aamuna, amene anachoka kunsi kwa Shire chaka cha njala yaikulu, n'kukagwira ntchito ku migodi ya malasha ku Zimbabwe. Malemu bambo ake a Harold anabadwira kumeneko, n'kukulira ku Kitwe, n'kubwera ku Lilongwe kudzamanga nyumba pamene likulu linkamangidwa. Mudzi wa agogowo palibe anausunga dzina.

"Zachimuna zisiyeni. Kuchikazi?"

"Mayi anabadwira pa esiteti ku Thyolo. Makolo awo anachokera ku Mozambiki. Koma nyumba za antchito zija anazigwetsa. Pano pamalopo anadzalapo tiyi."

"Ndiye kwanu ndi tiyi."

"Tingatero, bambo."

"Matchona awiri tsiku limodzi," anatero a Goliati, akulankhula ndi fani ija. "Wina m'katoni, wina pasofa. Tamverani. Ife kwathu ndi ku Nathenje. Mchombo wanga unakwiriridwa kumeneko, wa mayi wa mwanayu chimodzimodzi. Sitinasunthepo."

"Kumene mumapita pa maliro pokha," anatero anti Esnati ali pakhomo paja, "n'kubwerako dzuwa lisanalowe poopa nsikidzi."

"Ndikulankhula ndi alendo, Esnati." Anabwerera kwa Harold. "Mukuoneka munthu wabwino. Koma banja likavuta, tikadandaula kwa ndani? Mukatisiya, Mulungu aletse, tikupita nanu kuti? Ku tiyi? Ine mwana wa mlongo wanga sindimupereka kwa mphepo."

Nkhani inathera pomwepo. Triza anamuperekeza Harold mpaka ku geti, kudutsa migolo yopanda kanthu imene inandandalikidwa pansi pa mpopi.

"Ndikanangoti kwathu ndi ku Dedza," anatero Harold.

"Akanakufunsa mfumu."

"Ndikanati Phiri."

"Ukanagwidwa usanamalize."

Harold anagogoda mgolo umodzi, ndipo unalira ngati ng'oma. "Madzi sanabwerebe? Kwathu alipo, mjigo ukutulutsa bwinobwino."

"Kwanu?"

"Ku Area 13."

"Mawu amenewo usawatchule pano," anatero Triza. Anafuna kuseka, koma anangotseka geti.

Chigaza chinabweretsa mlandu wachiwiri. Anti Esnati anati iwo sagona denga limodzi ndi mutu wa munthu, kaya wa pulasitiki kaya wa golide. A Goliati anati munthu wamkulu sagona pakhonde, ngakhale akhale mtchona. Anagwirizana za galimoto. Katoni inakagona pampando wakutsogolo m'galimoto yakale ya malume, imene inkayenda Lamulungu lokha.

Unali mwezi wa Okutobala, ndipo mipopi inali itauma kuyambira pakati pa sabata. Ena ankati chipaipi china chaphulika, ena ankati mtsinje wachepa. Dzuwa linalibe nazo ntchito. Kapinga wa malume anasanduka chingambwe, masamba a mapapaya analendewera ngati makutu a mbuzi. Lamulungu m'mawa, mu mgolo womaliza munatsala timadzi tadzimbiri tosakwana ndowa. A Goliati anangodzipukuta ndi thaulo lonyowa, n'kuvala suti yawo yakuda kupita kutchalitchi. Pobwerako anti Esnati ananena kuti pa benchi yawo panali malo ambiri kuposa masiku onse.

"Kwezani zigubu," anatero a Goliati. "Tikatunga kwa Sumaila. Tibwera pompano."

Anti Esnati anakweza zigubu, n'kuonjezera mtolo wa zovala zakuda. Atatsegula chitseko chakutsogolo, anapeza katoni ikuwadikira. Anachitseka mwakachetechete n'kukakhala kumbuyo ndi Triza. Palibe anafuna kuigwira katoniyo, ndipo malume anati palibe nthawi. Anangoimanga lamba.

A Sumaila anali telala pafupi ndi mzikiti ku Old Town, mnzawo wa bawo wa a Goliati. Anatuluka m'shopu tepi ili m'khosi, n'kuseka ataona zigubu.

"Achimwene, mwalakwitsa khomo. Ifenso tikusamba ndi kapu." Anasuzumira pawindo. Chivundikiro cha katoni chinali chitatseguka chifukwa cha mabampu. "Awa ndi ndani?"

"Alendo a mwanayu. Mtchona."

A Sumaila anachiyang'ana chigazacho mofatsa. "Ulendo wawatopetsa," anatero. "Kayeseni ku City Centre. Ndamva kuti kwa mabwana sikuuma."

Pa mlatho, mtsinje wa Lilongwe unali utasonyeza nthiti. Miyala inatuluka yonse, ndipo anthu ankachapa m'timathamanda tobiriwira. Ku City Centre kunali zii, monga kumakhalira Lamulungu: nyumba zazitali, mitengo, msewu wopanda munthu. Anaima pa ofesi ya Triza, pamene fungo la mankhwala a chiswe linkamvekera kunja. Mpopi wa kuseri unatsokomola kawiri, n'kutulutsa mpweya wotentha. Anayesa nyumba ina. Mlonda anawaonetsa botolo lake lopanda kanthu asanafunse n'komwe.

Malaya a malume anali atamatirira pamsana. Kamuvi ka kutentha kwa injini kanali katakwera kufika pofiira.

"Tibwerere," anatero anti Esnati.

"Kubwerera kuti?" anatero a Goliati mokalipa. "Kukamwa dzimbiri?"

Triza anawamva mawuwo, n'kuwazindikira kuti anali ake a dzulo.

Anakhala kaye pamthunzi injini ikupuma. A Goliati anayang'ana mnzawo wa pampando wakutsogolo kwa nthawi.

"Iwe wa digiri," anatero osacheuka. "Anthu akowa ankadziwa bwanji kopita?"

"Palibe akudziwa bwinobwino, malume. Mwina ankatsata nyama. Kumene kumapezeka mafupa awo kumapezekanso mano a nguluwe ndi agwape. Nyama sizisochera pa nkhani ya madzi."

"Ku City Centre kuno nguluwe tiipeza kuti?"

Nthawi yomweyo panadutsa wa kabaza, njinga yake italemedwa ndi zigubu zachikasu. Zinali zonyowa. Pa tala panatsala mzere wa madontho, wochokera mumsewu wina wa kumanzere. A Goliati anawayang'ana madonthowo ngati mlenje, n'kuliza galimoto.

Anawatsata chobwerera, pang'onopang'ono, mutu uli kunja kwa windo. Pamene madontho anauma, panatulukira mayi wosenza ndowa ikutayikira m'mapewa. Pamene mayiyo anachokera, panatulukira wina wokankha wilibala. Triza anaudziwa msewuwo. Anadziwa mtengo wa jakaranda wa pakona, anadziwa mpanda wa njerwa zofiira. Anatseka pakamwa n'kuyang'ana pawindo ngati mlendo mumzinda.

Madontho anathera pa geti yotsegula ku Area 13, pamene panali mzere wa anthu ndi ndowa zawo. M'kati munali mobiriwira mpaka maso kuwawa. Mbande za maluwa zinandandalikidwa m'timachubu takuda, chifukwa mayi ake a Harold ankasamala nazale pa pulotipo, mwini nyumba ali kunja kwa dziko. Pakati pa zonsezi panaima munthu wogwira paipi, akudzaza ndowa za anthu, atavala kabudula ndi jezi ya mpira imene Triza anamuletsa kuvala dzulo.

A Goliati anamuzindikira. Anaika giya yobwerera. Galimoto inapuma mpweya umodzi waukulu, nthunzi n'kutuluka kutsogolo, basi n'kuzima.

Harold anapatsira mnzake paipi, n'kubwera pawindo. Anapereka moni wa manja awiri, monga anaphunzitsidwira. Manjawo anali onyowa, ndipo Triza anaona kuti malume sanafulumire kuwasiya.

"Tinkangodutsa," anatero a Goliati.

"Inde, bambo."

"Ndi zigubu," anatero anti Esnati kumbuyo.

Mayi ake a Harold, a Mariamu, anatulukira m'maluwa akupukuta dothi m'manja. Anali mayi wamfupi, wa mawu aakulu. Anawayang'ana alendowo, nkhope zotuwa, milomo yosweka, mtolo wa zovala. Sanafunse kuti ndi ndani kapena achokera kuti.

"Bafa ili uko, bambo," anatero. "Sopo ali momwemo. Mayi, mabeseni ndi awa. Triza, mwana wanga, usaime ngati mlendo, kaike madzi pamoto."

A Goliati anacheukira Triza pa mawu akuti mwana wanga, koma phokoso la madzi otuluka m'paipi linawakoka. Anakhalitsa m'bafamo. Panamveka kuthira, kupuma, kuthiranso, kenaka nyimbo ya m'buku la tchalitchi, mavesi onse. Ali m'katimo anti Esnati anatenga malaya awo pachitseko n'kuwaviika m'beseni limodzi ndi zina. Choncho a Goliati, mkulu wa mpingo, anatuluka atavala buluku la suti ndi jezi ina ya Harold, yofiira, ya nambala yaikulu kumsana.

Kuchoka sikukanatheka. Injini inafunika izizire, zovala ziume. Anawaikira mpando pansi pa mtengo wa mango. A Mariamu anabweretsa thireyi, n'kuthira m'kapu.

"Tiyi, bambo. Wa kwathu ameneyu."

Triza anatsamwa. Harold anapeza mwadzidzidzi ntchito ina ku mjigo. A Goliati anayang'ana m'kapumo nthawi yaitali, kenaka anamwa.

"Ali bwino," anatero. Atamwanso anakumbukira. "Triza, kawatulutse achikulire m'galimotomo. Apsa."

Triza anabwera nayo katoni n'kuika chigaza pa kampando pamthunzi. Anti Esnati anasendeza beseni lawo kutali. Koma a Mariamu anawerama, n'kuchiyang'ana m'maenje a maso, n'kuchipukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje.

"Awa ndi aja Harold amanena? Ayenda awa. Akuchita kuoneka."

Mzere wa pa geti unkasendera. Panali atsikana antchito a m'nyumba zapafupi, alonda ovala yunifolomu, bambo wina wa tayi amene ankabisa chigubu kumbuyo ngati si chake. A Goliati ankawayang'ana onsewo, kenaka chigaza, kenaka mapazi awo omwe, amene tsopano anali oyera m'mapatapata obwereka.

"Iwe wa digiri," anatero motsitsa mawu. "Awa atamwalira, anawaika ndani?"

"Palibe chosonyeza kuti anaikidwa, malume. Zikuoneka kuti matope anangowakwirira pomwe anagwera. N'chifukwa chake anasungika."

"Palibe anapita nawo kwawo."

"Ayi."

"Koma mwawapeza."

"Tinawapeza."

"Ndipo mukuyenda nawo m'masukulu kuuza ana kuti awa ndi makolo awo."

"Makolo kapena abale a makolo. Akatswiri amakanganabe."

"Achibale amakangana choncho," anatero a Goliati. Anazunguza tiyi wotsala m'kapu. Kenaka anakweza mawu. "Bambo! Tabwerani kuno."

Harold anabwera akudontha, n'kunyonyomala patali pang'ono.

"Bambo anu anagona kuti?"

"Ku manda a ku 18."

"Mumapitako?"

"Timakalambula chaka chilichonse mvula isanayambe. Mayi amadzalapo maluwa."

"Otsala pogulitsa," anatero a Mariamu. "Asamanyade."

Ku chingwe cha zovala anti Esnati anatsokomola, chifuwa chachifupi chokhala ndi mawu m'kati. A Goliati sanacheuke. Anafunsa za mjigo, kuti ndi wakuya bwanji, umakoka ndi dzuwa kapena magetsi, ndipo Harold anayankha zonse, mosanama monga mwa matenda ake. Za ukwati palibe anatchula. Triza anakhala pa udzu akuthyola kamtengo tizidutswatizidutswa. Anawadziwa malume ake: akanena kuti ayi, ankamusunga ayiyo ngati suti ya Lamulungu.

Dzuwa litapendeka, malaya anali atauma. Harold anathira madzi mu injini, n'kukweza zigubu zodzaza mpaka galimoto inakhala pansi kumbuyo. A Goliati anavala malaya awo, n'kupinda jezi ija bwinobwino, n'kuipereka ndi manja awiri. Anathokoza a Mariamu mwa mwambo wonse, mawu aatali a mkulu wa mpingo. Triza anabweza chigaza m'katoni.

"Chimenecho chikwere kumbuyo ndi zigubu," anatero anti Esnati, dzanja lili pa chitseko chakutsogolo. "Ine ndatopa kukhala ngati katundu m'galimoto ya amuna anga."

A Goliati analandira katoni m'manja mwa Triza, n'kuiika pampando wakutsogolo, n'kuimanga lamba. Analowa, n'kuliza injini, ndipo inalira ulendo woyamba womwewo. Kenaka anatulutsa mutu pawindo.

"Bambo, ankhoswe anu abwere Loweruka likudzali. Abwere ndi zigubu zodzaza. Esnati, khala kumbuyo. Achikulirewa lero agona pabalaza."